Ngalande ya Galasi ya Sankhani

Ku Navutika, mukatsika ndi kamsewu kafumbi kodutsa kuseri kwa chigayo, mupeza mtengo wa mango umene pansi pake udzu unasiya kale kumera. Pamenepo ndiye pa galaja ya Sankhani Daka, wokonza njinga zamoto. Palibe chikwangwani, palibe mpanda, koma anyamata onse onyamula anthu pa njinga m'Chipata amapadziwa. Njinga ikayamba kutsokomola, mwini wake amangoitsetsereketsa mpaka pa mango, n'kukhala pa tayala kudikira nthawi yake.

Sankhani anabadwira ku Kasenengwa, m'banja la alimi a thonje. Thonje analima ndithu, koma khasu ndi iye sanagwirizanepo. Anabwera m'tauni ali mnyamata, nayamba kunyamula amayi a pamsika ndi madengu awo pa njinga yakapalasa. Njingayo inkathyoka kawirikawiri kuposa mmene inkayendera, ndiye ntchito yokonza anaiphunzira mosafuna. Pamene njinga zamoto zinkadzaza tauni, iye anali kale ndi masipanala ake ndi dzina lake.

Koma chimene anthu amamudziwira kwambiri si sipanala ayi. Munthuyu ali ndi nthenda yake: sakhulupirira chinthu asanapange kakang'ono kake kaye. Atafuna kumanga khola la nkhuku, anayamba wamanga kakhola ka mapesi n'kumakayang'ana sabata yonse. Denga la nyumba litayamba kudontha, iye anakhoma kadenga ka makatoni n'kumakathira madzi ndi kapu kuti aone kumene akugwera. Mkazi wake Felesita anatha dzinja lathunthu akutchera mapoto m'chipinda, pamene kadenga ka makatoni kali pakhonde bwinobwino, kosadontha ngakhale pang'ono. Anyamata a njinga anamupatsa dzina lakuti Tiyese Kaye, ndipo iye amavomera akamuitana choncho.

Malo onsewo, mango ndi zonse, si a Sankhani. Ndi a apongozi ake, mayi Zelipa, amene aliyense amawatchula a Nambewe. Iwowa anachokera kufupi ndi Tamanda amuna awo atapeza ntchito ya ukalaliki m'tauni, ndipo amunawo anamwalira kalekale. A Nambewe anabwera m'tauni ndi zinthu ziwiri zimene sanalole munthu kuzikhudza. China ndi nyimbo za kutchalitchi, zimene amaimba mavesi onse osadumpha. China ndi mwambo wakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso, ndipo salankhulana.

Mwambo umenewu uli ndi potulukira pake. M'banja mukabadwa mwana, wina amapatsa mnzake kamphatso, manyazi n'kutha, anthu n'kuyamba kupatsana moni ngati anthu. Apa ndiye panagona nkhani. Kwawo kwa a Nambewe woyamba ndi mkamwini, amabwera ndi nkhuku m'khwapa. Kwawo kwa Sankhani oyamba ndi apongozi, amaphika thobwa n'kuitana mkamwini. Ndiye aliyense anakhala pansi kudikira mnzake. Felesita anayesapo kukankha uku ndi uku, koma mbali zonse ziwiri zinamuyankha mawu amodzimodzi, akuti zimenezo sachita kupempha. Takondwa, mwana woyamba, anabadwa, anakwawa, anamera mano, analowa sekondale, anthu awiri akuluakulu akudikiranabe. Kunena zoona n'zopsetsa mtima, chifukwa nkhuku pakhomopo zinalipo zambirimbiri, ndipo chimera sichinasowepo.

Moyo wawo unkayenda chonchi. Sankhani akamva masilipasi a a Nambewe akubwera, ankalowa m'chimanga. M'chilimwe, chimanga kulibe, ankagwada kuseri kwa njinga iliyonse imene ili pafupi n'kuyamba kumasula nati yopanda vuto. A Nambewe nawo ankakokera chitenje kumaso n'kudutsa cham'mbali. Mauthenga onse ankadzera kwa Felesita, ndipo Felesita akachokapo ankadzera kwa nkhuku.

"Nkhuku inu," ankatero a Nambewe ataima pakhonde, mawu okwanira kufika pa mango, "mpopi ukudontha chidonthere, chonsecho pamudzi pano pali anthu a masipanala."

Pofika madzulo mpopi unkakhala utakonzedwa. Musaganize kuti ankadana. Chimanga choyamba kukhwima a Nambewe ankachiotcha okha n'kuchisiya pa mpando wa njinga, ndipo Sankhani ankawalemekeza mayiwo kuposa munthu wina aliyense pansi pano. Kungoti nkhope zawo ankazidziwa chapatali, monga momwe timadziwira anthu a tsidya lina la msewu.

Vuto linabwera ndi kuchuluka kwa ntchito. Malo a a Nambewe ndi otsetsereka, monga malo ambiri m'tauni ya mapiri imeneyi. Kumtunda kuli mango ndi galaja, pakati nyumba ziwiri, kumunsi dimba la repu ndi mpiru m'mbali mwa kamtsinje. Sankhani akatsuka injini, madzi ankatsata kangalande kodutsa pakati pa nyumbazo n'kukathera m'dimba. Kale njinga zili zochepa, dothi linkameza zonse osadandaula. Koma chaka chimenecho pamadzi a m'dimba panayamba kuoneka utawaleza, repu wa m'mizere yoyambirira anachita chikasu n'kugona, ndipo mayi wina wa pamsika anabweza mtolo wonse, akuti ndiwo zikununkha mthuthuthu.

A Nambewe amapirira zambiri, koma dimba limenelo analiswa ndi malemu amuna awo, ndipo ndi limene linaphunzitsa ana onse. Tsiku limenelo sanalankhule ndi nkhuku. Anaitana Felesita m'nyumba n'kumukhazika pansi.

"Ukawauze bambo a Takondwa kuti mvula isanagwe, pamalo pano pachoke chimodzi, oilo kapena galaja. Mvula ikadzakokolola zakudazo n'kudzaza dimba langa, ine ndidzadya matayala?"

Felesita anakapereka uthengawo osachotsapo kanthu, ndipo anawonjezapo wake. "Mudziwiretu, bambo a Takondwa, mukasamuka ine amayi sindiwasiya okha ndi miyendo yawo ija."

Sankhani anachita mantha enieni. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo iye anamva kuti wayamba kale kuterereka. Malo a m'mbali mwa msewu onse anali ndi eni ake. Galaja ikachoka pa mango, chotsala chinali kubwerera ku thonje la ku Kasenengwa, yekhayekha, atasenza bokosi la masipanala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri n'kumabalalikanso. Anayesa kuthira utuchi m'ngalande, oilo anadutsa. Anayesa masaka, oilo anawanyowetsa n'kudutsabe.

Ali m'kati mosowa mtengo wogwira, kunatulukira Tiyamike, chitsirizira cha a Nambewe, amene amaphunzira za uinjiniya ku Kitwe. Anabwera kudzapuma masiku ochepa, chikwama cha laputopu chili kumsana. Tiyamike kwa Sankhani ndi mlamu, ndipo pa chilamu palibe manyazi, pali chipongwe chokhachokha.

"Alamu, nkhope imeneyo mwaitola kuti? Mukuoneka ngati mwameza pulagi."

"Amayi ako akundithamangitsa, mlamu. Manga katundu, iwe ndiye upita nane ku Kasenengwa kukatola thonje."

"Ine? Ndi zikhadabo zopaka izi? Fotokozani bwino, mwina tingakupulumutseni."

Sankhani anafotokoza. Tiyamike anayenda nayo ngalande yonse kuchokera pa mango mpaka m'dimba, akugwedeza mutu, kenako anatsegula laputopu pa mpando wa njinga ya kasitomala. Ananena kuti chaka chimenecho kusukulu ankaphunzira zomwezo, kuyendetsa madzi ndi mafuta m'kompyuta. Anajambula ngalande ngati yodulidwa m'litali kuti munthu aone m'kati. Madzi anawapatsa mtundu wobiriwira, oilo wofiira.

"Oilo ndi wopepuka, amayandama pamwamba," anatero Tiyamike. "Pamene akukumana ndi madzi pali mzere uwu, timati malire. Ntchito yonse ya pulogalamu imeneyi ndi kulondola malirewo, pamene akupindika ndi pamene akuduka. Tsopano taonani."

Anaika chotchinga chotsika kuchokera pamwamba koma chosafika pansi. Atadina batani, mitundu iwiri ija inayamba kuyenda. Wofiira unafika pa chotchinga n'kuima, n'kumaunjikana kumbuyo kwake, pamene wobiriwira unagwada n'kudutsa kunsi woyerayera. Sankhani anaiwala kutseka pakamwa. Kenako Tiyamike anasintha nambala imodzi kuti madzi athamange. Malire aja anayamba kuchita timafunde, wofiira unatulutsa kalilime kopita pansi, kalilimeko kanaduka n'kusanduka timikanda, ndipo timikandato tinadutsa kunsi kwa chotchinga limodzi ndi madzi.

Sankhani anafunsa motsitsa mawu. "Mlamu, ndiye kuti kusukulu kwanuko mumayamba mwapanga kakang'ono kaye?"

"Nthawi zonse, alamu. Ndani angakumbe dzenje asanaone ngati ligwira ntchito?"

"Felesita!" anakuwa Sankhani. "Amake Takondwa, tabwera udzamve! Matenda anga aja amaphunzitsa ku yunivesite!"

Masiku otsatira njinga za anthu zinadikira. Sankhani ankayeza kutsetsereka kwa malo ndi chingwe, Tiyamike n'kumalowetsa manambala. Anapeza kuti pafunika dzenje lalitali ndi lotakata, lopaka simenti, loti madzi akalowamo afooke liwiro, ndiponso zotchinga ziwiri, kuti chothawa pa choyamba chikagwidwe pa chachiwiri. Sankhani anafunsa za sopo, Tiyamike n'kuvomera kuti kompyuta yake sopo siimudziwa. Anathira oilo, madzi ndi sopo m'botolo n'kukhutchumula, zonse zinasanduka ngati tiyi wamkaka, malire osaonekanso. Anagwirizana kuti zotsuka ndi sopo zizikathera m'dzenje lina kuseri kwa mango, zisamalowe m'ngalande.

Chinatsala n'chimodzi. Malo okhawo athyathyathya okwanira dzenje lalikululo anali pakhomo penipeni pa a Nambewe, pamene amayanikapo mfutso. Tiyamike anatenga laputopu kukawaonetsa amake. A Nambewe anavala magalasi, anaonera mpaka kumapeto, n'kuwavula.

"N'zokongola, mwanawe. Koma pa foni ya Takondwa ndinaonapo mbuzi ikuimba nyimbo ya Chingelezi. Munthu sakumba pakhomo panga chifukwa cha chithunzi."

Tiyamike anatuluka atakwinya nkhope, koma Sankhani atamva yankholo anangosisita m'manja. Zimenezi ndiye zinali zake. Anatolera magalasi a mawindo akale kwa mnzake wowotcherera zitsulo, anagula guluu wa magalasi, namanga ngalande yoonekera m'kati pamwamba pa thabwa, yotalika ngati bedi la mwana. Anaikamo zotchinga ziwiri za galasi, kumapeto kampopi. Poyesa koyamba anathiramo saladi, mafuta ophikira a kukhitchini, akuti ndi oyera, aziona bwino. Felesita atapeza botolo lili gwaa lopanda kanthu anabwera nalo mpaka pa mango.

"Lero ndiwo mudya zophika ndi galasi," anatero, n'kumuikira botololo pamiyendo.

Kuyambira pamenepo ankayesa ndi oilo wakuda wa m'mainjini, ndipo zinkachitika monga momwe laputopu inaonetsera. Akathira modekha, malire ankagona phee. Akapupuluma, ankayamba kuvina. Tchuthi cha Tiyamike chinatha asanawaonetse a Nambewe, ndipo pokwera basi anamusiyira mlamu wake malangizo.

"Chinsinsi ndi liwiro, alamu. Maso anu asachoke pa malire. Akangoyamba kuvina, chepetsani."

A Nambewe anavomera kudzaona Loweruka masana, koma anatumiza mfundo ziwiri kudzera kwa Felesita. Yoyamba, athire mwini wake, popeza ndi amene azidzagwira ntchitoyo. Yachiwiri, pansi pa kampopi padzakhale beseni lawo la mbande za mpiru, za mbewu imene amasunga okha chaka ndi chaka kuchokera ku Tamanda. Madzi akakhala oyera, athirire mbandezo. Akakhala akuda, nkhani yatha.

Palibe amene anaganizira za mwambo mpaka tsikulo litafika. Wothira ndi woonera akhala bwanji malo amodzi osaonana? Felesita, amene nzeru zotere anazizolowera, anapachika mphasa pa chingwe choyanikapo zovala. Mbali ino anaika ngalande ya galasi ndi kampando ka amake. Mbali inayo anaika Sankhani, ataima pa kreti, ndowa ili m'manja, kutsogolo kwake botolo lodula pakati lolumikiza ku paipi yoboola mphasa. Sankhani anaona msanga kuti galasi sakuliona, malire sakuwaona, ndipo malangizo onse a mlamu wake agwera m'madzi. Anafuna kudandaula, koma mkamwini amene ali pa mlandu sasankha pokhala. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza kale pabwalo, anyamata a njinga atakhala pamipando ya njinga zawo ngati abwera kudzaonera mpira.

A Nambewe anafika ndi beseni lawo, analiika pansi pa kampopi, nakhala. Nthawi yomweyo magetsi, amene anali atazima chiyambire m'mawa, anabwera, ndipo chigayo chapafupi chija chinayamba kubangula. Munthu sakanamva mnzake pokhapokha atamuyandikira kukhutu.

Sankhani anatakasa madzi ndi oilo m'ndowa ndi kamtengo n'kuyamba kuthira. Chifukwa cha mantha ankathira timadontho.

"Akuthira kapena akulira?" anafunsa a Nambewe m'khutu mwa Felesita. "Ukawauze awonjeze."

Felesita anazungulira mphasa, nakanena, nabwerera. Madzi akuda bii analowa m'galasi. Atayenda pang'ono anayamba kudzipatula okha, oilo kukwera pamwamba, madzi kutsala pansi, pakati mzere woongoka ngati wolemba ndi rula. Oilo anafika pa chotchinga choyamba n'kuima. Madzi anagwada, anadutsa, anadutsanso chachiwiri, ndipo pa kampopi panatuluka madzi oyera n'kugwera pa mbande. A Nambewe anatchera dzanja, ananunkhiza, anayang'ana chikhatho chawo padzuwa. Kenako anakokera kampando pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Mayi amene anakana chithunzi uja tsopano ankalondola mzerewo ndi chala, akumwetulira osadziwa kuti anthu akuwaona.

"Tiyese Kaye! Tiyese Kaye!" anayamba kuimba anyamata a njinga, akuliza mahutala.

Phokoso limenelo linadutsa chigayo n'kufika kuseri kwa mphasa. Sankhani anamva dzina lake, mtima unakhala m'malo, chifuwa chinatukumuka, ndipo ndowa inapendekeka pang'ono iye osadziwa. Pa nthawi yomweyo fungo la nyemba zopserera linafika pabwalo. Felesita anagwira kumutu n'kuthamangira kukhitchini, kumene anaiwala poto pa chitofu cha magetsi.

Oyamba kuona anali a Nambewe. Mzere uja unanjenjemera, kenako unayamba kuchita timafunde. Anatembenuka kuti atume Felesita, napeza palibe. Anayang'ana uku ndi uku, naona thadzi likupalasa pansi pa thabwa.

"Nkhuku iwe, madzi achuluka!"

Chigayo chinameza mawuwo. Kumbuyo kwa chotchinga choyamba oilo anatulutsa kalilime kakuda kopita pansi.

"Nkhuku inu nonse, ndati madzi achuluka!"

Thadzi linangowayang'ana ndi diso limodzi. Kalilime kanaduka, timikanda takuda tinadutsa kunsi kwa galasi n'kuyamba ulendo wopita ku chotchinga chachiwiri, ndipo kumbuyo kunkabwera tina. Anyamata a njinga anasiya kuimba. Palibe amene analimba mtima kulowerera nkhani ya mkamwini ndi apongozi ake.

Apa a Nambewe akanatha kuchita chinthu chapafupi. Beseni linali pamapazi awo. Akanangolikoka, mbande zikanapulumuka, oilo akanagwera pansi anthu onse akuona, ndipo galaja ikanathera pomwepo popanda wowanena kuti alakwa. Anthu anaona dzanja lawo likupita ku beseni, n'kuima m'malere. Kenako mayi wa miyendo yovuta uja anadzuka popanda ndodo, anagwira mphasa ndi manja awiri, naikoka. Mphasa inagwa, chingwe chinaduka, zopanira zovala zinauluka.

Sankhani anangoona apongozi ake ali patsogolo pake, pafupi moti akanatha kuwerenga makwinya. Thupi lake linachita zimene linazolowera zaka zonsezi. Anatembenuza nkhope, mwendo umodzi unatsika pa kreti kufuna kuthawa, ndipo ndowa inapendekeka kwambiri. A Nambewe anamugwira pamkono, kugwira kwa munthu wolima dimba.

"A Daka! Mukuthawira kuti? Yang'anani galasi, osati fumbi! Chepetsani!"

Sankhani anachepetsa.

"Mwachepetsa kwambiri, madzi aima. Pang'ono. Eya. Choncho. Gwirani pomwepo."

Anaima choncho awiriwo, iye pa kreti mwendo umodzi uli m'malere, iwo atamugwira mkono, onse maso ali pa galasi. Timafunde tinayamba kuchepa. Kalilime kanabwerera m'mwamba. Timikanda tothawa tija tinafika pa chotchinga chachiwiri, tinazungulirazungulira ngati tikufuna njira, kenako tinakwera kamodzikamodzi n'kukagona pamwamba. Pa kampopi madzi anapitiriza kutuluka oyera mpaka ndowa inatha.

Pabwalo panabuka nthungululu, mahutala analira, koma Sankhani sanamve chilichonse. Anatsika pa kreti, naika ndowa pansi, nagwada, maso ali pa masilipasi amene anawathawa kwa theka la moyo wake. Mtima unkagunda ngati injini yotha mapisitoni. A Nambewe sanakokere chitenje kumaso. Anamuyang'ana bwinobwino, mosapupuluma, kuyambira kuchibwano mpaka kumutu.

"Kani munachita kumera imvi pakhomo panga pano, ine osadziwa," anatero. "Ndinkaganiza kuti mukadali kamnyamata kaja ka njinga yothyoka."

Sankhani anadzazidwa ndi chisoni cha zaka zimene zinapita pachabe, komanso chimwemwe chimene analibe pochiika.

"Mawa ndi Sabata, musagwire khasu," anapitiriza a Nambewe. "Lolemba mukumbe. Mfutso ndiziyanika kwina. Koma dzenjelo mulivundikire bwino, pano pamasewera ana."

"Inde, amayi," anayankha Sankhani. Liwu limenelo anali asanaitanepo nalo munthu chiikireni m'manda mayi ake omubala ku Kasenengwa, ndipo linatuluka losweka pakati.

"Ndipo chotchinga chachiwiricho chatsika mokwanira? Ine ndaona ngati timikanda tija tinatsala pang'ono kudutsa."

"Tikhoza kuwonjeza chachitatu, amayi. Kungoti ndiyambe ndayesa kaye pa galasi."

"Muyese. Mudzandiitane ndidzaone."

Felesita anatuluka m'khitchini atanyamula poto wa nyemba zakuda, akutukwana magetsi, nkhuni ndi tsiku limene anabadwa. Atafika pabwalo anaona mphasa ili pansi, chingwe chitaduka, mwamuna wake atagwada, amake ataima pomwepo nkhope ili poyera. Sanamvetse. Miyendo yake inangomutengera pamalo ake a masiku onse, pakati pa awiriwo, ndipo anagwada poto ali m'manja.

"Amayi, ndiwauze chiyani?"

A Nambewe anamuyang'ana mwana wawo, amene ananyamula mawu a anthu awiri chikwatiwire osataya ngakhale amodzi, ndipo anamusisita paphewa.

"Palibe, mwanawe. Pita ukaone ndiwo zina. Ife tikucheza."